NKHOKWE ZA M'KOMPYUTA: KUSIYANA KWA MA HARD DRIVE NDI NTCHITO YOYENERA MTUNDU ULIWONSE

Mawu Oyamba

M'chigawo chachiwiri cha chaka chatha ndidapita ku Bowe, m'boma la Dowa, kukayendera ophunzira athu amene adali kuyeserera ntchito ya uphunzitsi m'sukulu za kumeneko. Pa sukulu ina, imene sindiitchula dzina, ndidapeza mphunzitsi wamkulu atagwira tsaya mu ofesi. Kompyuta ya sukuluyo idali itakana kudzuka kwa masiku anayi. Akaiyatsa inkangolira kuti tiki-tiki-tiki ngati wotchi, kenaka zii. M'kati mwake mudali kaundula wa ana onse, malikisi a mayeso a zigawo ziwiri, mndandanda wa ana amasiye olandira chithandizo, ndiponso mbiri ya mmene ndalama zotukulira sukulu zidayendera. Padalibe kope lina pena paliponse.

Titaitsegula tidapeza kuti chimene chidafa ndi hard drive. Pa chikalata chomatidwa pamsana pake padali chaka chimene idapangidwa, ndipo zaka khumi zidali zitadutsa. Idali ya mtundu wamba, yopangidwira munthu wolemba makalata masana nkuzimitsa madzulo. Koma aphunzitsi, mwa mtima wabwino, adaisandutsanso laibulale yotumiza mabuku ku malaputopu, kotero kuti inkazungulira usana ndi usiku osapuma. Aphunzitsi adatha milungu itatu akutolera malikisi m'makope ndi m'mapepala akale, ndipo ana a kalasi imodzi adachita kulembanso mayeso.

Nkhani ino yalembedwa kuti zoterezi zisamatigwere chifukwa cha kusadziwa. Tiona mmene hard drive imagwirira ntchito, mmene mitundu yake imasiyanirana, ndi mtundu umene uli woyenera ntchito iliyonse ya pa sukulu. Kumapeto kuli chikonzero cha phunziro chimene mphunzitsi angagwiritse ntchito mu Folomu 3 kapena pa msonkhano wa aphunzitsi ku TDC.

1. Mmene Hard Drive Imagwirira Ntchito

Hard drive ndiyo nkhokwe ya kompyuta. Zonse zimene timafuna kuti tidzazipezenso mawa, kompyuta itazimitsidwa, zimatutidwira m'menemo. Amene adaonapo galamafoni sangavutike kumvetsa kapangidwe kake. M'kati mwa kabokosi kachitsulo muli mbale zosalala, za aluminiyamu kapena za galasi, zokutidwa ndi utoto wa maginito. Mbalezo zimazunguliridwa ndi kamota, ndipo pamwamba pake pamayenda kamkono kokhala ndi kamutu kakang'ono kumapeto. Kamutuko ndi kamene kamalemba ndi kuwerenga m'mizere yozungulira, yoyandikana ngati mizere ya m'munda.

Pali kusiyana kumodzi kwakukulu. Singano ya galamafoni imakhudza mbale, pamene kamutu ka hard drive sikayenera kuikhudza konse. Kamayandama pa mphepo imene mbale imakoka pozungulira, ndipo mpata wa pakati pa ziwirizi ndi waung'ono kuposa tsitsi la munthu nthawi zikwizikwi. Mbale zambiri zimazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndiko kunena maulendo 90 kapena 120 pa sekondi. Tsono tangoganizani chimene chimachitika mwana akagunda tebulo mwamphamvu, kapena laputopu ikagwa ili chiyakire. Kamutu kamamenya mbale nkupala malo amene padali zolembedwa, ndipo chimene chapalidwacho sichibwerera.

Ma hard drive ambiri ali ndi kabowo kopumira, kosefa fumbi, ndipo pambali pake amalembapo chenjezo lakuti tisakatseke. Popeza kamutu kamadalira mpweya, opanga amati hard drive yotere isagwire ntchito pamalo okwera kupitirira mamita pafupifupi 3,000. Msinkhu umenewu ndi wa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene ndi mamita 3,002. Mapiri a Dowa ndi Ntchisi ali m'munsi ndithu, choncho kukwera kwa malo si vuto lathu. Adani athu ndi ena, ndipo tiwatchula patsogolo.

2. Mbiri ndi Miyeso

Hard drive yoyamba idatulutsidwa ndi kampani ya IBM ku America mu 1956, pamodzi ndi kompyuta yotchedwa RAMAC 305. Idali ndi mbale 50, iliyonse ya mainchesi 24 m'mimba mwake, inkalemera pafupifupi tani imodzi, ndipo inkasunga zilembo ngati 5 miliyoni. Mu 1980 kampani imene tsopano ikutchedwa Seagate idapanga ina ya mainchesi 5.25 yosunga mamegabaiti 5, imene idatha kulowa m'kompyuta ya pa tebulo. Masiku ano chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni chikhoza kuidzaza nkhokwe imeneyo.

Ana ayenera kudziwa miyeso iyi: mamegabaiti 1,000 ndiwo gigabaiti imodzi, ndipo magigabaiti 1,000 ndiwo terabaiti imodzi, imene imalembedwa TB. Mukagula hard drive ya 1 TB, Windows idzaonetsa magigabaiti 931. Wogulitsa sadakubereni. Opanga amawerenga m'magulu a 1,000 pamene Windows imawerenga m'magulu a 1,024.

Misinkhu yofala lero ndi iwiri. Ya mainchesi 3.5 ndi ya m'kompyuta za pa tebulo, ndipo imafuna magetsi a mavoti 12 ndi 5. Ya mainchesi 2.5 ndi ya m'malaputopu, ndipo imakhutira ndi mavoti 5 okha.

3. Zimene Zimasiyanitsa Mitundu

Pozionera kunja, ma hard drive a msinkhu umodzi amafanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Kusiyana kuli pa zinthu zinayi.

Choyamba ndi maola ogwira ntchito. Chaka chili ndi maola 8,760. Pa mapepala ofotokoza ma hard drive ake wamba otchedwa BarraCuda, kampani ya Seagate imawerengera maola 2,400 okha pa chaka, ofanana ndi maola 8 pa tsiku kwa masiku 300.

Chachiwiri ndi katundu amene angalowe ndi kutuluka pa chaka. Wamba amayesedwa 55 TB, apakati 180 TB, ndipo a m'makampani akuluakulu 550 TB.

Chachitatu ndi malangizo a m'kati, amene amauza hard drive chochita ikapeza malo ovuta kuwerenga. Ina imalimbikira pomwepo, ina imasiya msanga nkudziwitsa makina, ina imangopitirira.

Chachinayi ndi kupirira kunjenjemera, makamaka pamene ma hard drive angapo aikidwa m'bokosi limodzi nkumagwedezana okhaokha.

Mlimi wa ku Bowe amadziwa kuti khasu, nkhwangwa ndi kasemasema zonse ndi chitsulo cha pa mpini, koma salimira nkhwangwa kapena kugwetsera mtengo kasemasema. Ndi mmenenso tiyenera kuonera zipangizo izi.

4. Mitundu Yake ndi Ntchito Zake

(a) Hard drive wamba. Kampani ya Western Digital imaika chikalata chobiriwira ngati thambo ndi dzina lakuti Blue, Seagate imati BarraCuda, ndipo Toshiba imati P300. Ndi yotsika mtengo, siichita phokoso, ndipo chitsimikizo chake kawirikawiri ndi cha zaka ziwiri. Ikapeza malo ovuta imayesa mobwerezabwereza, mwina kwa nthawi yaitali, chifukwa imadziwa kuti ili yokha ndipo palibe inzake yoithandiza. Ndi yoyenera kompyuta ya mu ofesi kapena ya m'kalasi imene imazimitsidwa poweruka.

(b) Hard drive yaliwiro. Chitsanzo ndi Western Digital Black, yozungulira maulendo 7,200, ya chitsimikizo cha zaka zisanu. Idapangidwira okonza mafilimu ndi ochita masewera a pa kompyuta. Imadya magetsi ochulukirapo ndipo imatentha. Sukulu imene ikufuna liwiro ichita bwino kugula SSD, imene tiifotokoza m'munsimu.

(c) Hard drive ya NAS. NAS ndi kabokosi kosunga mafayilo a anthu ambiri, amene amawatenga kudzera pa waya kapena pa Wi-Fi. Western Digital idayamba mtundu wa Red mu 2012. Seagate imati IronWolf, Toshiba N300. Imeneyi idapangidwira kuzungulira usana ndi usiku, imanyamula 180 TB pa chaka, ndipo ingakhale pamodzi ndi zinzake mpaka zisanu ndi zitatu. Ikapeza malo ovuta imasiya patatha masekondi ngati 7, kuti makina atenge zosowazo kwa inzake. Mukaika hard drive wamba m'bokosi lotere, kulimbikira kwake kuja kumapangitsa makina kuganiza kuti yafa, ndipo amaichotsa pa gulu ili yamoyo. Mtundu uwu ndiwo umene udali woyenera laibulale ya sukulu ija.

(d) Hard drive ya makamera olondera. Western Digital Purple idatuluka mu 2014; Seagate imati SkyHawk, Toshiba S300. Ntchito yake ndi kulemba kosalekeza zithunzi zochokera ku makamera, mpaka 64 pa nthawi imodzi, ndipo imawerengedwa mwa apo ndi apo. Malangizo ake amaika patsogolo kusaima. Kwa mlonda ndi bwino kutaya kadontho kamodzi ka chithunzi kusiyana ndi kuima masekondi angapo pamene wakuba akulowa. Ikhoza kugwira ntchito m'kompyuta wamba, koma sidakonzedwere kudumphadumpha pakati pa mafayilo ang'onoang'ono ambiri. Koleji kapena sukulu yogonera komweko imene ili ndi makamera pa chipata ndiyo igule mtundu uwu.

(e) Hard drive ya makampani akuluakulu. Awa ndi Western Digital Gold, Seagate Exos ndi Toshiba MG, amene amasunga mabuku a mabanki ndi a makampani a lamya. Ndi olimba koposa, a chitsimikizo cha zaka zisanu. Akuluakulu amadzazidwa ndi mpweya wa helium m'malo mwa mpweya wamba, njira imene kampani ya HGST idayamba mu 2013. Mpweyawu ndi wopepuka, kotero mbale zambiri zimakwana m'bokosi limodzi. Koma amachita phokoso, amadya magetsi, ndipo amafuna chipinda chozizira. Chenjerani: ena ali ndi polumikizira potchedwa SAS, ndipo sagwira ntchito m'kompyuta wamba za SATA. Otsika mtengo a mtundu uwu amene amapezeka pa msika kawirikawiri amakhala opuma pa ntchito atatumikira zaka zambiri.

(f) Hard drive yonyamula m'manja. Iyi ndi ya mainchesi 2.5, yoikidwa m'kachikwama kake, yolumikizidwa pa USB. Ntchito yake ndi kusunga kope lapadera, kenaka nkuichotsa ndi kuitsekera m'kabati. Siyenera kukhala chilumikizire tsiku lonse, ndipo isasunthidwe pamene ikuzungulira.

(g) SSD. Ngakhale ambiri amaitcha hard drive, iyi ilibe mbale, mota kapena kamutu. Imasunga zinthu m'tizipangizo ta magetsi, monga zimachitira fulashi, foni, ndi matabuleti amene Unduna wa Zamaphunziro udayamba kugawa m'sukulu za pulayimale mu 2023 pa ndondomeko ya BEFIT. Ndi yachangu kwambiri, siopa kugwedezeka, ndipo imadya magetsi ochepa. Zofooka zake ndi zitatu: terabaiti iliyonse ndi yokwera mtengo, ili ndi malire a kuchuluka kwa zimene zingalembedwepo pa moyo wake, ndipo ikasiyidwa zaka zambiri pamalo otentha osalandira magetsi ikhoza kuyamba kuiwala. Imafanso mwadzidzidzi, popanda kulira kochenjeza kuja.

5. Msampha wa CMR ndi SMR

Pali kusiyana kwina kumene sikuoneka pa mtundu wa chikalata. Pa hard drive ya CMR mizere imayalidwa moyandikana, uliwonse pa wokha. Pa ya SMR mizere imasanjikizana pang'ono kuti ichuluke, monga momwe timafolerera denga la udzu, mzere wapamwamba kuphimba mutu wa mzere wapansi. Amene adakonzapo denga lodontha akudziwa kuti simungasinthe udzu wapakati osasasula wapamwamba. Chimodzimodzinso hard drive ya SMR: posintha mzere umodzi iyenera kulembanso ina yoyandikana nayo. Pa ntchito yopepuka simungazindikire kanthu, koma mukaipatsa katundu wambiri nthawi imodzi imafooka mpaka kuyenda ngati birimankhwe.

Mu 2020 zidaululika kuti ma Western Digital Red ena, a pakati pa 2 TB ndi 6 TB, adali a SMR popanda ogula kuuzidwa, ndipo ambiri adavutika nawo m'mabokosi a NAS. Kampaniyo idayankha popatula a CMR nkuwatcha Red Plus. Phunziro kwa ife ndi lakuti dzina ndi mtundu wa chikalata sizikwanira. Lembani nambala yonse ya hard drive, muifufuze pa intaneti musanalipire. SMR ndi yabwino posungira zinthu zosasinthidwa kawirikawiri, monga zithunzi ndi mapepala a mayeso akale. Ya NAS ikhale CMR.

6. Kusankha Molingana ndi Malo Athu

Makalata a opanga amalembedwa poganizira maofesi ozizira a magetsi osazima. Sukulu ya kumudzi ili ndi adani anayi.

Woyamba ndi magetsi. Tonse tikukumbukira mmene namondwe wa Ana adaonongera malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ndipo kuzima kwa magetsi kudatisautsa mpaka chaka chotsatira. Magetsi akazima hard drive ili pakati polemba, fayilo imaonongeka. Akabwera ndi mphamvu yopitirira, kapena mphezi ikagwa pafupi m'nyengo ya dzinja, zipangizo za pamimba pake zimapsa. Nchifukwa chake kompyuta yosunga kaundula iyenera kukhala ndi UPS, ndipo mitambo ikayamba kugunda tizule mawaya kukhoma. Laputopu ili ndi mwayi pamenepa, pakuti batire lake limaiteteza magetsi akathima.

Sukulu za sola ziwerengere bwino. Tiyerekeze kuti hard drive yaikulu ikudya mawati 6. Pa maola 24 ndi 144, ndipo pa batire la mavoti 12 zimenezi ndi maampu 12 a pa ola tsiku lililonse, osawerengera kompyuta yeniyeniyo. Yaing'ono ya mawati 2 ingadye gawo limodzi mwa magawo atatu a zimenezi. Choncho laibulale yaing'ono, yonga ya Kolibri kapena Kiwix yoikidwa pa kakompyuta ka Raspberry Pi, imayenda bwino ndi SSD. Mabuku amalembedwamo kamodzi nkumawerengedwa kambirimbiri, ndipo imeneyi ndiyo ntchito imene SSD siitopa nayo.

Wachiwiri ndi fumbi. Kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi limatseka mabowo a kompyuta ndi kulemetsa chokupizira mphepo. Kompyuta isakhale pansi kapena pafupi ndi bolodi, pakuti fumbi la choko nalo ndi loopsa. Ivundikiridwe ndi nsalu ikazimitsidwa, osati ikuyaka.

Wachitatu ndi kutentha. M'mwezi wa Okutobala, pansi pa denga la malata lopanda silingi, hard drive ya maulendo 7,200 imatentha msanga. Pamalo otere ya 5,400 kapena SSD ndiyo yanzeru.

Wachinayi ndi msewu. Hard drive yogulidwa ku Lilongwe kapena ku Mponela imafika pa sukulu pa kabaza wa njinga yamoto, m'misewu ya mabampu. Ikulungidwe ndi nsalu zofewa ndipo ikhale m'chikwama cha kumsana, osati yomangidwa pa keriyala. Laputopu ya mlangizi wa sukulu za m'zoni, imene imayenda tsiku ndi tsiku, iyenera kukhala ndi SSD. Ngati ili ndi hard drive ya mbale, izimitsidwe kwathunthu ulendo usanayambe.

7. Zogwiritsidwapo Kale Ntchito

Makompyuta ambiri a m'sukulu zathu ndi okonzedwanso, monga amene bungwe la Turing Trust la ku Scotland limatumiza. Palibe cholakwa ndi chipangizo chakale ngati tikudziwa msinkhu wake. Hard drive iliyonse imalemba yokha mbiri ya moyo wake, yotchedwa SMART, ndipo pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imaionetsa. Yang'anani maola amene yagwira ntchito, ndi chiwerengero cha malo owonongeka amene yawalowetsera m'malo. Maola 26,280 ndi zaka zitatu zathunthu osapuma. Chiwerengero cha malo owonongeka chikamakwera mlungu ndi mlungu, samutsani katundu wanu lero lomwe.

Pogula kwa wamalonda, pemphani kuti aiyatse muone mbiri imeneyi ndi maso anu, ndipo mutenge lisiti lolembedwa nambala yake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Muonenso polumikizira: makompyuta akale kwambiri ali ndi lamba wotambalala wa IDE, pamene opangidwa kuyambira cha m'ma 2003 adayamba kukhala ndi SATA.

8. Palibe Hard Drive Yosafa

Makolo adati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa nkhani iyi phanga limodzi ndilo livumbwitsa. Ngakhale hard drive ya mtengo wapatali idzafa tsiku lina, ndipo chitsimikizo chimabweza chitsulo chokha, osati malikisi a ana. Akatswiri amalangiza kuti chinthu chofunika chikhale ndi makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kumalo ena. Pa sukulu yathu izi zitanthauza kompyuta ya mu ofesi, hard drive yonyamula yotsekeredwa m'kabati, ndi kope lachitatu losungidwa kunja kwa ofesiyo kapena pa intaneti. Lachisanu lililonse munthu mmodzi wosankhidwa akopere, nkusaina m'buku. Kamodzi pa chigawo atsegule kopelo pa kompyuta ina kuti atsimikize kuti likuwerengeka. Malikisi a chigawo chilichonse asindikizidwenso pa pepala.

Bokosi la NAS la ma hard drive awiri ofanana zolembedwa si kope lapadera. Mukafufuta fayilo molakwitsa imafufutika konsekonse, ndipo mbala kapena mphezi imatenga zonse pamodzi. Tikumbukirenso kuti dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la mu 2024. Maina a ana, matenda awo ndi umasiye wawo ndi zinsinsi. Hard drive yotha ntchito isagulitsidwe kapena kutayidwa kudzala zonse zisadafufutidwe, ndipo yakufa iboolede ndi msomali.

9. Chikonzero cha Phunziro

Kalasi: Folomu 3. Nthawi: mphindi 80.

Zolinga: Pomaliza phunziroli ana athe (i) kutchula ziwalo zitatu za hard drive, (ii) kusiyanitsa mitundu inayi, (iii) kusankha mtundu woyenera ntchito yopatsidwa ndi kupereka zifukwa.

Zipangizo: hard drive yakufa yopanda zinsinsi, sikuludiraiva ya mutu wa nyenyezi, fulashi, makope khumi, choko, ndi makadi olembedwa ntchito zosiyanasiyana.

Chiyambi (mphindi 10): Funsani ana kumene makolo awo amasunga chimanga, mtedza, ufa ndi mbewu yodzala chaka chamawa. Afotokoze chifukwa chake zonsezi sizisungidwa malo amodzi.

Gawo loyamba (mphindi 20): Tsegulani hard drive ana akuona, ndipo ajambule mbale, kamkono ndi kamutu. Mphunzitsi yekha ndiye agwire maginito, chifukwa amapana zala, ndipo mbale isapindidwe popeza zina ndi zagalasi.

Gawo lachiwiri (mphindi 15): Yalani makope asanu moyandikana, ndi ena asanu mosanjikizana ngati udzu wa padenga. Ana awiri apikisane kusintha kope lachitatu popanda kusokoneza mzere. Kalasi inene amene wachedwa ndi chifukwa chake.

Gawo lachitatu (mphindi 25): Gawani ana m'magulu. Gulu lililonse litole khadi, monga laputopu ya mlangizi, makamera a pa chipata, laibulale ya sola, kapena kompyuta ya mlembi. Likambirane maola ogwira ntchito, magetsi, ndi kuyenda kwa chipangizocho, kenaka lifotokoze chisankho chake. Mphunzitsi asafulumire kupereka yankho, afunse kuti, "Nanga magetsi akazima?"

Mathero (mphindi 10): Ana alembe m'makope mfundo zitatu zimene akauze komiti ya sukulu isanagule chipangizo.

Kumene kulibe hard drive yakufa, jambulani mizere yozungulira pabwalo, mwana mmodzi akhale kamutu, enawo akhale mafayilo oitanidwa ndi maina.

10. Mafunso

(i) Mbale yozungulira maulendo 5,400 pa mphindi izungulira kangati pa phunziro la mphindi 40?

(ii) Kamera imodzi imalemba magigabaiti 21.6 pa tsiku. Makamera anayi adzafuna malo otani pa masiku 30? Yankho ndi magigabaiti 2,592, choncho ya 2 TB siikwana.

(iii) Makamera omwewo amalemba pafupifupi 31.5 TB pa chaka, zimene sizifika malire a 55 TB. Nchifukwa ninji hard drive wamba ili yosayenerabe? Yerekezani maola 8,760 ndi 2,400.

(iv) Fotokozani chifukwa chake bokosi la ma hard drive awiri silingalowe m'malo mwa kope losungidwa kwina.

Mawu Omaliza

Aphunzitsi anzanga, ndalama za sukulu ndi zochepa ndipo zimapezeka movutikira, choncho funso loyamba pogula lisakhale la mtengo kapena la kukula. Tifunse kuti chipangizochi chizigwira ntchito maola angati, chizikhala malo otani, chizidya magetsi ochokera kuti, ndipo chikadzafa tidzataya chiyani. Safunsa adadya phula. Nditabwereranso ku sukulu ija m'chigawo chachitatu, ndidapeza kuti laibulale aipatula, ili pa kakompyuta kake ka SSD, ndipo kompyuta ya mu ofesi imazimitsidwa poweruka. M'kabati mudali hard drive yonyamula ndi kabuku ka Lachisanu, kosainidwa milungu isanu ndi umodzi motsatizana. Ndikupempha aliyense wa ophunzira athu amene akupita kukayeserera ntchito chigawo chikudzachi kuti, mlungu woyamba, akafunse mwaulemu kwa mphunzitsi wamkulu kumene kuli kope lachiwiri la malikisi.